Imfa ya Owney Hession

Maso a mlongo wanga Malachy anayamba kufa chaka chimene mwamuna wanga anamwalira, ndiye zinthu zinangogwirizana zokha. Ine ndinali ndi maso koma wopanda womuphikira. Iye anali ndi nyumba ku Phibsborough, mu Dublin, koma sankathanso kuona ngati mkaka wawira. Ndinalongedza katundu wanga ku Sligo n'kukwera sitima ya ku Dublin. Panalibe zolirana kapena zokumbatirana. Nditalowa ndinati, "Khitchini ino ikununkha," iye n'kuti, "Takulandirani, achemwali," nkhani n'kuthera pomwepo.

Adokotala anali atamuuza kale kuti mankhwala palibe. Pakati pa diso lililonse panali banga lakuda limene linkangokulirakulira. M'mbali ankaona pang'ono, mokwanira kudziwa kuti apa pali khomo, apo basi ikubwera, koma nkhope ndi zilembo ayi. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka a ku wailesi.

Malachy ndiye anali Owney Hession, mlimi wamakani wa m'sewero limene linkamveka pa wailesi masana aliwonse anthu akamadya. Anamusewera zaka pafupifupi makumi atatu. Nkhope yake ambiri sankaidziwa, koma akangotsegula pakamwa m'basi, kondakitala ankatembenuka n'kufuula kuti, "Owney! Ng'ombe ija mwagulitsa?" Iye ankayankha ndi mawu a Owney omwewo kuti ng'ombe yake siigulidwa ndi mbava za ku Dublin, basi yonse n'kufa ndi chiseko.

Wailesi inali malo ake omaliza, ndipo ankadziwa. Ife tinabadwira m'gulu la zisudzo la bambo athu, a Tansey, gulu loyendayenda: lole imodzi, tenti yodontha ndi mabokosi a zovala, lero holo ya parishi ino, mawa ina, Mayo, Leitrim, Roscommon. Malachy anakwera pansanja asanadziwe kumanga nsapato, ankasewera mwana wodwala amene amamwalira amayi onse m'holo n'kulira. Ine mawu anga anali a khwangwala, choncho bambo anandipatsa mpando kuseri kwa chinsalu ndi buku la sewero pamiyendo. Ntchito yanga inali kukumbutsa woiwala. Wina akaima ngati chitsa, ankaliza zala kumbuyo kwake, ine n'kumuponyera mawu oyamba, mokweza ndithu, chifukwa mvula ikamagunda tenti kunong'ona sikuthandiza.

Nyumba za kanema zitafika m'matauni ang'onoang'ono, gulu lathu linatha. Ine ndinakwatiwa ndi Gilsenan, mwini sitolo ya misomali. Malachy anapita ku nyumba zazikulu za zisudzo za ku Dublin, kumene anakhala mfumu, chigawenga, wachikondi, zonse. Kenaka opanga kanema a ku England ndi ku America anamutenga. Kwa iwo munthu wa kwathu ankayenera kukhala wansembe, chidakwa kapena wapolisi wopusa, ndipo iye anakhala zitatu zonsezo mosinthanasinthana. M'kanema wina anangooneka akutsegula geti n'kuvula chipewa, koma ku Sligo tinapita tonse kukamuona, ena kawiri. Tsitsi litathothoka, a kanema anaiwala nambala yake ya foni. Nsanja nayo inamusiya bondo litayamba kuvuta ndi mutu utayamba kulephera kusunga sewero la madzulo onse. Pa wailesi palibe wofunsa za tsitsi kapena bondo, ndipo suloweza kanthu, umangowerenga papepala. Ndiye pepalalo n'limene linayamba kuzimirira.

Tinapangana chonchi. Mapepala a sewero akabwera, ndinkawaimika pa botolo la mkaka patebulo n'kumawerenga ndikusenda mbatatesi kapena kusita. Ndinkanena mawu a anthu ena onse, iye n'kumaloweza ake.

"Ukuwerenga ngati ukuitana nkhuku," ankatero.

"Sindinabwere kudzasewera ine. Nena ako."

"Iwe Attracta, mayiyo akulira pamenepo. Mwana wake wapita ku Boston."

"Alire, zake zimenezo. Nena ako, chitsulo chositira chikuzizira."

Kuloweza mawu sikunali kokwanira. M'chipinda chojambuliramo, osewera amaimirira mozungulira maiki, aliyense mapepala m'manja, ndipo tsamba likatha salitembenuza, chifukwa maiki ingamve kukhwekhwereza. Amangolitaya kuti ligwere pa kapeti. Onse amataya pamodzi, ndipo wotsalira kapena wotsogola amaonekeratu. Choncho Malachy ankalowezanso malo pamene tsamba lililonse lathera. Ine ndikati "Taya," iye ankataya chidutswa cha nyuzipepala pansi, ndipo pofika madzulo khitchini yanga inkakhala ngati msika utabalalika.

Zinayenda kwa nyengo ziwiri za chisanu. Tsiku lojambula ndinkapita naye pa basi nditamukoleka mkono, anthu n'kumati taonani bambo wabwino akuperekeza mlongo wake wokalamba. Popeza m'khonde munkazizira, anandilola kukhala pakona m'kachipinda ka makina, kumene amaonera osewera kudzera pa galasi lalikulu. Ndinkaluka masokosi, osalankhula ndi munthu.

Tsiku limene zinaululika, amene ankasewera dokotala wa ziweto anagona ndi chimfine. Wotsogolera sewero, Fintan Lavelle, analembetsa gawolo mwatsopano m'mawa womwewo, dokotala n'kumuchotsamo. Ndinamuona kudzera pa galasi akugawa mapepala atsopano. Malachy analandira ake, anathokoza, n'kuwayang'ana ngati akuwerenga. Nthawi inali itatha kale, ndiye Lavelle anati palibe zoyeserera, tijambule basi. Getsi lofiira linayaka.

Philomena Crehan, amene ankasewera Nan, mkazi wa Owney, kuyambira pachiyambi pa sewerolo, ananena mawu ake atsopano, china chake cha mvula ndi zovala pachingwe. Malachy anayankha ndi mawu onse a Owney kuti, "Inu adokotala, ng'ombeyi mwaiona bwino kapena mwangoipatsa moni?" Anadikira yankho la munthu amene panalibe. Kenaka anapitiriza yekha mpaka pamene ine ndinkati "Taya," n'kutaya tsamba lake. Linagwa lokha. Ena onse anali atagwira awo.

Lavelle anadina batani n'kulankhula pa chokuzira mawu. "A Tansey, tili pa mapepala atsopano aja."

"Pepani, ndasokoneza ine," anatero Malachy.

Anabweretsa pepalalo pafupi ndi mphuno, anapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana njere, analibwezanso patali.

"Fintan, tipume kaye," anatero Philomena. "Ndikapanda kusuta pompano ndiluma munthu."

Anamugwira Malachy pachigongono n'kutuluka naye m'khonde, ine pambuyo. Atayatsa ndudu yake anandiyang'ana.

"Usanditong'olere maso, Attracta. Ine ndinadziwa chaka chatha. Nkhalamba iyi moyo wake wonse sinadziwepo mawu ake bwino chonchi."

"Bwanji sunanene?" anafunsa Malachy.

"Ndinene kuti andipatse mwamuna wina? Iweyo ndinakuzolowera, ngati chipsera."

Tsiku limenelo tinalimaliza movutikira. Ndinkamuwerengera m'khonde pang'ono, iye n'kulowa kukajambula, n'kutulukanso. Osewera ena ankangoyang'ana wotchi mwaulemu.

Loweruka masana Lavelle anabwera kunyumba atanyamula buledi wa zipatso. Sanali munthu woipa ayi, koma pofuna kuwoloka msewu ankadzera ku Cork, kutali uko. Anayamikira makatani, anayamikira tiyi, anayamba kufotokoza mmene mayi ake ankakondera Owney.

"Bambo Lavelle," ndinatero, "tiyi wanu akuzizira. Nenani chimene mwabwerera."

Ananena. Akuluakulu a ku wailesi anali atagwirizana kuti Owney amwalire chisanu chisanathe. Anali ataganiza njira yosavutitsa aliyense. Owney adzapita kuphiri kukaona nkhosa, osabwerako. Wa positi adzamupeza atatsamira mpanda, n'kutsika kukauza Nan. Malachy sadzafunika kubwera n'komwe.

"Wa positi," anatero Malachy.

"Zidzalembedwa mwaulemu kwambiri, a Tansey."

"Ndiye kuti ndikafere m'kamwa mwa wa positi? Mnyamata uja amatchula dzina langa ngati akutafuna mbatatesi yotentha?" Anaika kapu yake pambali pa sosala, tiyi n'kutayikira pa nsalu yanga yoyera. "Tamverani, Fintan. Ine ndafa ndi lupanga, ndafa ndi chifuwa chachikulu, ndanyongedwa m'holo iliyonse kuchoka ku Ballina mpaka ku Boyle, Loweruka kawiri. Palibe tsiku limene ndinatuma munthu kukandifera. Ntchito tengani, sindikupempha ntchito. Ndipatseni bedi, Nan pambali, ndi mawu ochepa. Musasinthe ngakhale limodzi. Ndifa ndekha."

Lavelle anayang'ana ine, ngati kuti ndine mayi wa mwanayo.

"Mpatseni," ndinatero. "Ndimuphunzitsa."

Mapepala anabwera, tsamba limodzi ndi theka. Zinalembedwa bwino, wolembayo ndimuyamikire. Owney ali chigonere, akulamula Nan kuti geti la kumunda wakumunsi likonzedwe, ndi kuti ng'ombe yofiira asaigulitse kwa a Hanley ngakhale atagwada. Kenaka pali mawu ake otsiriza, oyamba ndi "Nan, tsiku lija," kumene munthu wouma mtima uja anena kwa mkazi wake chimene sananenepo. Akatero Nan aitana dzina lake, osayankhidwa, nyimbo n'kulowa.

Malachy analoweza zonse mwamsanga, ine n'kuti apa zatheka. Koma tsiku likuyandikira, mawu anayamba kumuthawa. M'mawa ankanena bwinobwino akumeta ndevu. Madzulo ankafika pa "Nan" n'kuima.

"Tsiku lija," ndinkatero.

"Ndikudziwa! Ndimapuma dala. Munthu sangapume m'nyumba yake?"

"Ukadapuma chonchi pamaso pa bambo, akanakuponyera nsapato."

"Bambo ankaiwala kuposa tonse. Theka la masewero awo unkanena ndiwe kuseri kwa chinsalu."

Zimenezo zinali zoona, ndipo tinaseka. Koma usiku wa mawa lake sanadye, ndipo ine zonyengerera anthu kudya sindizitha.

"N'chiyani kodi?" ndinamufunsa. "Tsamba limodzi ndi theka lokha. Wanena wekha kuti wafa kambirimbiri."

"Konse kuja," anatero, "ndinkadzuka m'mawa kukafanso ku tauni ina."

Ndinachotsa mbale yake n'kuiphimba.

Tsiku lojambula anavala suti yake yakuda ndi tayi, kupita ku wailesi kumene palibe angamuone. Ndinapempha kuti ndikhale m'chipinda chojambuliramo momwemo, osati kuseri kwa galasi. Lavelle analola, koma anandivulitsa nsapato n'kundikhazika pampando wa kukhoma.

"Mayi Gilsenan, maikiyi imamva ngakhale m'mimba mukalira. Chonde musanene kanthu. Akaima, tiimitsa tepi n'kuyambiranso. Palibe vuto."

Bedi panalibe, pa wailesi sipakhala bedi. Panali anthu awiri oimirira pa maiki imodzi, ndi mayi wina pambali atagwira chinsalu chogwedeza kuti chimveke ngati zofunda, wotchi yakale itaikidwa pa kampando kuti izimveka ikugunda.

"Wavala suti kuti tingokuika m'bokosi pompano?" anatero Philomena.

"Ndavalira iwe, mfiti iwe. Zaka zonsezi ukulakalaka umasiye, lero waupeza."

"Fulumira ndiye. Pali wina wa ku Athlone akundidikira, ali ndi mano ake onse."

Anamukonzera tayi, ngakhale inali yowongoka kale.

Getsi linayaka. Malachy anayamba, ndipo mawu ankabwera okha ngati madzi a pampopi. Geti, ng'ombe, a Hanley. Koma anali kufa mmene bambo anatiphunzitsira, kufera munthu wa pa benchi yomaliza m'tenti, chifuwa chonse, ndipo ndinaona kudzera pa galasi bambo wa makina akukwinya nkhope n'kumapotokola timabatani take. Malachy anakoka mpweya, anati "Nan, tsi—" ndipo pomwepo chokuzira mawu chinalira.

"Zabwino kwambiri, a Tansey, zabwino zedi. Koma titsitseko pang'ono. Munthuyu watsala ndi mpweya wochepa."

"Akumva ku Galway popanda wailesi," anatero Philomena.

Anthu anaseka, iyenso anaseka. Ine sindinaseke. Munthu woloweza akamathamanga bwino samuimitsa, aliyense amene anakhalapo kuseri kwa chinsalu amadziwa zimenezo. Koma Lavelle anakulira m'wailesi, kumene mawu sathawa chifukwa ali papepala.

Anayambanso. Ulendo uno anatsitsa, ndipo zinali bwino kuposa. Geti. Ng'ombe. A Hanley ngakhale atagwada. Kenaka anati, "Nan," n'kuima.

Wotchi ija inkagunda. Ndinayang'ana pa galasi kudikira kuti Lavelle aimitse monga analonjeza. Sanaimitse. Anali atakweza dzanja kuletsa bambo wa makina.

Milomo ya Malachy inkayenda popanda mawu. Mpweya wake unkamveka, wolemera, wodukaduka.

"Nan," anateronso. "Ndimati ndikuuze..."

Zimenezo papepala panalibe. Philomena anatsitsa tsamba lake pang'onopang'ono.

"Ndili pano, Owney."

"Chathawa," anatero Malachy motsitsa kwambiri. "Chinali pompa. Chinali pompa, Nan."

"Chisiye, bambo. Udzandiuza mawa."

Malachy anangopuma, n'kupuma, wotchi n'kumagunda. Ndiye ndinaona dzanja lake lamanja likupita kumbuyo, kumbali kumene ankadziwa kuti ndakhala, zala zikukhudzana, zikupempha monga zinkachitira tili ana. Ndinaluma mlomo. Ndinagwira mpando. Zala zinapemphanso.

"Tsiku lija!" ndinafuula, mawu a m'tenti, a mvula ikugwa.

Bambo wa makina anadumpha n'kuvula zomvera za m'makutu. Getsi linazima.

Tinayesanso kangapo. Ulendo uliwonse zinkaipiraipira. Ng'ombe inabwera geti lisanabwere, kenaka geti lomwelo linasowa. Lavelle anati ine ndizinena chiganizo chimodzi, Malachy azibwereza, iye adzalumikiza tepiyo bwinobwino. Tinachita. Atamva zimene zinatuluka, Malachy anakana yekha.

"Imeneyo si imfa, ndi mwana akuyankha katekisimu."

Mawu ake anali atasasa. Kunja kwa chitseko kunali kutaima kale anthu a pulogalamu ya alimi, akudikira chipindacho, ndipo gawo la imfa linali litalengezedwa kuti limveka sabata yomweyo.

Lavelle anatiitanira m'kachipinda ka makina, ine, Malachy ndi Philomena. Anamupatsa Malachy mpando wake.

"Pali chimene ndikufuna mumve," anatero.

Anaika ulendo wachiwiri uja. Tinamva geti, ng'ombe, kenaka wotchi ndi mpweya. Popanda kuona suti ndi tayi ndi dzanja kumbuyo, munthu sukanakayika. Anali bambo wokalamba pabedi, amene wadikira moyo wonse kuti anene chinthu chimodzi, ndipo nthawi yamuthera chili m'kamwa. Philomena anatembenukira kukhoma n'kumafunafuna mpango m'chikwama. Kenaka kunamveka khwangwala akufuula kuti "Tsiku lija," tepi n'kuima.

"Mawu a mayi Gilsenan ndiwadula," anatero Lavelle. "Zotsalazo, a Tansey, ine chiyambire ntchito ino sindinamvepo zotere. Koma sindiziika popanda inu kulola. Mukakana, tibwerera kwa wa positi."

"Ameneyo si Owney," anatero Malachy.

"Palibe adzadziwe."

"Ndidzadziwa ine."

Anatembenuzira nkhope kumene ndinali, kuphonya pang'ono monga ankachitira.

"Attracta, ukuti bwanji iwe?"

"Ndikuti pali ziwiri, iwe kapena wa positi. Chachitatu palibe. Sankha, anthu akufuna chipinda chawo."

Mwina wina akanamuyankha mofatsa kuposa pamenepo. Koma iye anafunsa ine, ndipo ankandidziwa.

Anaika manja pa maondo. Kenaka anati, "Bwezaninso."

Anamvetsera mutu uli pansi, chala chikugunda pa bondo ngati akuwerenga kanthu. Itatha anadzuka n'kumanga batani la jekete.

"Akatha kunena kuti 'mawa', mudulepo mpweya umodzi. Watalika. Nyimbo ilowe mochedwa, isathamangire."

"Chabwino, a Tansey," anatero Lavelle.

Philomena anamupsompsona patsaya n'kumusiyira utoto wofiira, ine n'kuupukuta ndi chala tili m'basi.

Lachisanu masana, nthawi itakwana, Malachy anatenga chikhothi n'kupita kukakhala kuseri kwa nyumba, pakati pa zovala zoyanika, kukuzizira choncho. Ine ndinamvera ndekha m'khitchini. Sindinalire, koma mbatatesi zinapserera ndili chiimire pambali pake, chinthu chimene sichinandichitikirepo. Msewu wathu wonse unali zii, ngakhale galimoto. Nyimbo italowa ndinazimitsa wailesi, n'kumuitana kuti abwere adye buledi ndi tchizi.

Lamlungu tinapita ku Misa. Ndinamuuza kuti tikhoza kupita ku parishi ina, iye anati sanabe kanthu. Potuluka, anthu anali atatidikira pakhomo la tchalitchi. Anaima mzere monga timachitira pa maliro, mmodzimmodzi kudzagwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani ndi zovutazi." Ankapepesa wakufayo mwini wake, ndipo palibe anaona chachilendo. Bambo wina wogulitsa malasha, chimunthu chachikulu, anati anaimitsa lole yake pakati pa msewu n'kulira ngati mwana.

"Ndinakuonani pansanja kalekale muli mfumu," anatero wina, mphunzitsi wopuma ntchito. "Ndaona makanema anu onse. Koma ija ya Lachisanu ndiye yoposa zonse zimene munachitapo. Luso lenileni limene lija."

"Zikomo, aphunzitsi," anatero Malachy, n'kuweramitsa mutu pang'ono monga ankachitira chinsalu chikamatsekedwa. Zala zake zinali zitalowa m'mkono mwanga moti ndinapeza mabala madzulo.

Womaliza anali mayi Cusack a pa nyumba ya pakona, amasiye. Anagwira dzanja lake ndi manja onse awiri osalisiya.

"Pajatu munati 'chathawa', a Tansey. Amuna anga anachita chimodzimodzi, ndendende. Anandiitana kuchoka kukhitchini, ndafika, iwo n'kungondiyang'ana. Munadziwa bwanji inu? Anakuuzani ndani kuti zimakhala choncho?" Anapukuta mphuno. "Koma tandiuzeni, ine ndekha, sindiuza munthu. Mumafuna kumuuza chiyani Nan?"

"Zimenezo n'za ine ndi Nan, mayi," anatero Malachy.

Mayiyo anaseka misozi ili m'maso, n'kumumenya pang'ono pamkono.

Tinabwerera wapansi, njira ya m'mbali mwa ngalande, chifukwa anati sakufuna basi. Kunali mphepo, ndipo njira yonse munalibe munthu, koma galu wina patsidya. Kenaka ndinamva akukonza kukhosi, ndipo mawu amene anatuluka anali a Owney, otsika, a munthu wotsala ndi mpweya wochepa.

"Nan, tsiku lija ku dansi ya pamphambano, sindinabwerere iwe ayi. Ndinabwerera mkulu wako. Koma iye anali atavala nsapato zatsopano, ndipo mvula itagwa anakana kuponda matope. Iwe unavula zako n'kuzinyamula m'manja, n'kundifunsa kuti, 'Tikupita kapena tikuonerera mvula?' Kuchokera pomwe paja sindinayang'anenso kwina. Sindinakuuzepo. Ndinkaopa kuti ungayambe kudzimva."

Anapuma pamene wolemba anati apume. Anatsirizira pamene anayenera kutsirizira. Tinayendabe.

"Ndaphonya?" anafunsa ndi mawu ake a masiku onse.

"Ayi. Ngakhale limodzi."

"Nanga zinali bwanji?"

"Zinali bwino," ndinatero. "Kweza phazi, tafika pa mlatho."

Anakweza, ndipo tinawoloka.